Amene Sanali M'kaundula

4 Seputembala

Wokondedwa Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga. Kuno tonse tadzuka, kupatula mawondo a Amayi amene amadzuka mochedwa kuposa eni ake. Kalata yako ndinaipeza ndekha m'thumba la Lachiwiri, n'kudzipatsanso ndekha. Ubwino wogwira ntchito ku positi ndi womwewo basi.

Wati mlamu akufunsa kuti kwathu n'kotani, ndipo iwe ukungoyankha kuti "n'kwabwino." Zaka zisanu ndi ziwiri zokha uli kunjako, pakamwa pauma kale? Uwapatse kalatayi awerenge okha.

Mlamu, tauni yathu ili ngati lamba amene wina anamugwetsa pakati pa phiri ndi nyanja yamchere, wamtali koma wopyapyala. Misewu yeniyeni ilipo itatu, yonse yotsata gombe. Wa kudoko kuli masitolo, msika wa nsomba ndi positi. Wapakati kuli sukulu, matchalitchi ndi nyumba yathu. Wa kumtunda nyumba zake zinachita kutsamira phiri. Msewu wotulukira m'tauni ndi umodzi wokha, umazungulira chilumba mpaka kuseri kwa phiri. Mvula yonse imathera kuseriko. Ife timangolandira mphepo, imene imatsika pampata wa phiri ili youma ngati yochokera mu uvuni.

Kaundula wa ku khonsolo amati tilipo anthu 8,400. Ine ndimangoseka. Ndayenda ndi chikwama cha makalata zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti kuseri kwa nyumba za kumtunda kuli tizipinda ta lendi tosawerengeka. Mumagona otsuka mbale m'mahotela, osoka maukonde, onyamula katundu padoko. Khonsolo siiwadziwa, koma amayi awo akawalembera, kalata imadutsa m'manja mwanga.

Mzime, Bambo ayambanso nkhondo yawo. Munda wa nzimbe uja, chitsekereni fakitale palibe waulima, ndipo udzu wafika m'khosi, wouma gwa. Apita ku khonsolo katatu kukapempha kuti aulambule m'malire ndi nyumba za anthu. Ulendo wachitatu anawapatsa mpando ndi tiyi. Anabwerako akuti, "Ndinakapempha makasu, andipatsa shuga." Tsopano m'mawa uliwonse amanyamula chikwakwa n'kukadula okha, kenako n'kukapumira kwa mnzawo Atelala, aja opuwala miyendo aja. Munthu wa zaka 71 kulimbana ndi phiri.

Ngati ungathe unditumizire nsapato zolimba, nambala sikisi. Zanga zayasama.

Ndine mlongo wako.

14 Seputembala

Achemwali,

Muli moyo? Amayi ndi Bambo ali kuti? 

Dzulo tikupinda mashiti kochapira zovala pachipatala pano, mnzanga anandikoka malaya n'kundilozera wailesi ya kanema. Ndinaona utsi, ndinaona doko, ndinazindikira nsanja ya wotchi ya pamsika. Kumbuyo kwa nsanjayo kunalibe kanthu. Akuti moto unatsika kuphiri Lachinayi masana ndipo pofika madzulo tauni inali itatha. Ndaimba lamya ya ku positi kwanu kakhumi, sikulira n'komwe.

Kalata yanu ya pa 4 ndaipeza lero pobwera kuntchito. Mlamu wanu anawerenga za misewu itatu ija mokweza, atafika pa za udzu anasiya.

Ndikanakwera ndege mawa lomwe, koma mukudziwa za pepala langa lokhalira kuno. Ndikatuluka lisanakonzedwe mu Disembala sadzandilola kubwerera, ndipo mlamu wanu ndi woyembekezera, miyezi isanu. Ndimafuna kukuuzani mwa njira ina, osati chonchi.

Lembani ngakhale mzere umodzi. Ngakhale dzina lanu lokha.

Mzime wanu.

21 Seputembala

Mzime,

Ndili moyo. Amayi ali moyo, apsa pang'ono paphewa. Bambo sitinawaone chichokereni tsiku la moto. Ndayamba ndi zimenezi kuti usavutike kuzifunafuna m'munsimu.

Mphepo inayamba m'mawa, ikusasula malata ndi kugwetsa mapolo a magetsi. Cha m'ma thu koloko ndinali mu msewu wa kumtunda ndi njinga, ndinamva fungo la udzu wopsa. Nditakweza maso, munda wa nzimbe wonse unali ukuyaka, ndipo moto sunkayenda pansi ayi, unkadumpha. Makala ankauluka n'kukatera pamadenga a kutsogolo. Palibe belu linalira, palibe anatichenjeza. Ndinataya njinga n'kuthamanga ndikumenya zitseko.

Kunyumba ndinapeza Bambo atagwira paipi ya madzi, mulibe ngakhale dontho. Msewu wotulukira unali utadzaza magalimoto osayenda, chifukwa polo inagwa mopingasa pamlatho. Bambo anati, "Tenga amayi ako mupite kunyanja. Osati kumsewu, kunyanja." Kenako anatulutsa wilibala.

Ndinati, "Nanga inu mukupita kuti?"

Anati, "Atelala sangathamange."

Amayi anawagwira mkono. Iwo anati, "Ndikupezani pakhoma la padoko. Musandichedwetse." Anakwera chitunda akukankha wilibala, chipewa chili m'manja kuopa mphepo.

Amayi ndinawabereka kumbuyo kuchokera pa tchalitchi mpaka padoko. Kunali mdima masanasana, dzuwa likuoneka ngati khala. Tinatsika kuseri kwa khoma n'kulowa m'madzi ofika m'chifuwa. Tinalipo mwina anthu zana, ena atanyamula ana pamutu. Makala akatigwera tinkamira n'kuvuuka. Ndinakhuthula makalata onse m'nyanja, n'kunyowetsa chikwama, n'kuwafunditsa Amayi kumutu. Nthawi yonseyo iwo ankangoyang'ana pamwamba pa khoma. Aliyense wotsika ankamufunsa, "Simunaone abambo a wilibala?" Dzuwa likulowa, asodzi anabwera ndi maboti n'kutitola.

Pano tili pa sukulu ya sekondale ya kuseri kwa phiri, mabanja asanu ndi anayi m'kalasi imodzi. Ndafunsa kuchipatala, ndafunsa m'misasa yonse itatu. M'tauni sakulola munthu kulowa, muli asilikali ndi agalu ofufuza.

Pali chinthu china chikundisowetsa mtendere. A khonsolo akugawa matenti ndi mabulangete poitana mayina a m'kaundula wawo. Amene mulibe dzina lake akuuzidwa kuti adikire. Dzulo mayi wina wa mwana kumbuyo anakanena kuti mwamuna wake, wotsuka mbale ku hotela, sakuoneka. Kalaliki anatsegula buku, anatsika ndi chala, n'kunena kuti, "Mayi, munthu ameneyu mulibe. Sindingalembe kuti wasowa munthu amene kulibe." Mzime, munthu ameneyo ndimamudziwa. Amakhala chitseko chachitatu kuseri kwa nambala 62, ndipo mwezi uliwonse amalandira envulopu ya buluu yochokera kwa mlongo wake.

Ndiye ndapempha kope kwa aphunzitsi. Ndimakhala padesiki, kutseka maso, n'kuyamba ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku kuchokera pakhomo la positi. Nyumba iliyonse ndimaima, kulemba onse okhalamo, a kutsogolo ndi a kuseri omwe. Kenako ndimayenda m'makalasi kufunsa amene waonedwa ndi amene sanaonedwe. Ndafika pakati pa msewu wachiwiri.

Positi inapsa, matumba sakuyenda. Kalatayi ndapatsira wantchito wa m'sitima yobweretsa madzi, walonjeza kukaiponya kutsidya. Uwapatse moni mlamu.

Mlongo wako.

28 Seputembala

Achemwali,

Moni ngati kalatayi ikupezani. Masabata awiri tsopano, zii. Nyuzipepala yatulutsa mayina a omwalira 41 ndi osowa 60. Ndawawerenga mpaka ndawaloweza. Inu mulibe, Amayi mulibe, Bambo mulibe. Mlamu wanu akuti chimenecho ndi chabwino. Ine sindikudziwa.

Kuntchito ndawotcha mashiti awiri ndi simbi. Kapitawo sanandikalipire, anangondichotsa pa simbi n'kundiika kopinda.

Lamulungu la sabata ya mawa anthu akwathu amene tili mumzinda muno tikumana m'holo ya tchalitchi. Mwina wina wamvako kanthu.

Mzime.

6 Okutobala

Achemwali okondedwa,

Lero ndadya koyamba ngati munthu. Ndakuonani!

Ku msonkhano kuja kunabwera bambo wina wa jekete la imvi, wa kampani yomanga mahotela, wochokera kwathuko sabata yomweyi. Anabwera ndi zithunzi za kumisasa n'kuziyala patebulo. Chachisanu ndi chiwiri munali inu, mutakhala padesiki ya ana mukulemba, Amayi ali kumbuyo kwanu pamphasa atamanga nsalu paphewa. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinafunsa za Bambo, iye anati amuna akugona kalasi ina, banja lathu lonse analiona.

Munthuyu anatifotokozera zoona zake. Akuti m'tauni simudzakhalika zaka khumi, dothi laipa ndi phulusa, madzi a m'mipope ndi poizoni. Akuti ambiri avomera kale kugulitsa mapoloti, ndipo kampani yawo ikupereka nyumba za lendi kutsidya ndi matikiti a sitima kwa amene asaina msanga. Anati anayankhula nanu, ndipo munamuuza kuti nkhani ya poloti ndi ya anthu awiri, inu ndi ine. Ndinamva msanga chimene mumatanthauza: mukudikira ine. Paja Bambo atadwala chaka chija analembetsa poloti m'mayina athu awiri.

Ndiye ndasaina mbali yanga. Sindinafune kuti mugone pa simenti tsiku lina chifukwa cha kuchedwa kwa ine. Kwatsala inu. Mukasaina, mutenge Amayi ndi Bambo mukwere sitima, ndipo pepala langa likatuluka ndidzayamba kukukonzerani zobwera kuno. Zaka zonsezi mwasenza nokha makolo, ine ndikungotumiza moni. Ulendo uno ndachitako kanthu.

Muwauze Bambo kuti za udzu zija ananena zoona, ndipo ndikufuna kumva akudzitama ndi pakamwa pawo.

Mzime wanu.

19 Okutobala

Mzime,

Moni. Positi yatsegulidwa m'kalasi ya sayansi, ndipo thumba loyamba lafika dzulo. Makalata ako atatu ndawalandira pamodzi. Ndaona kuti yanga ya pa 21 Seputembala sunailandire. Za mimba ya mlamu tasangalala. Zinazo ndinawerenga nditaimirira, kenako ndinatuluka panja kuti Amayi asandione nkhope.

Bambo sali m'kalasi ina iliyonse. Bambo sanapezeke. Anakwera kukatenga Atelala ndi wilibala moto uli pafupi, ndipo lero ndi tsiku la 37.

Wa jekete la imvi ndikumudziwa. Anabwera kuno phulusa lisanazizire, akuyenda mphasa ndi mphasa. Kwa ine anafika kawiri. Ndinamuuza kuti, "Poloti ndi ya anthu awiri, ndipo onse awiri sakugulitsa." Waona pamene anadulira mawu anga? Chithunzicho anajambula osapempha. Ndinkayesa ndi wa nyuzipepala.

Ambiri avomera? Mu msewu wathu wonse asaina anthu anayi, ndipo atatu mwa iwo ali kunja ngati iwe. Akudziwa kuti ife a kuno tikuonana maso, ndiye akukasaka inu amene muli kutali ndi mantha anu. Dzana anabweranso, akumwetulira, n'kundionetsa siginecha yako. Anati, "Mayi, tsopano ndife eni anzanu." Ndinaizindikira. Ndine ndinakuphunzitsa kulemba dzina lako, pakhonde lomwe wagulitsalo.

Ukuti ndasenza ndekha makolo. Ndinakuuza kuti ndalema? Ukanandifunsa. Ukanadikira sabata ziwiri zokha.

Sindisaina ndipo sindikwera sitima. Ndili ndi ntchito. Makope afika asanu. Ndamaliza misewu yonse itatu ndi tinjira take, ndipo anthu akubwera okha padesiki panga kudzakonza pamene ndalakwitsa. Ndapeza anthu oposa 2,900 amene mulibe m'kaundula wa khonsolo. Osowa si 60 ayi, ndi 114. Ofufuza akutsata mapu a khonsolo, amene amaonetsa nyumba imodzi pamene pali zitseko zisanu ndi chimodzi. Akafufuza ya kutsogolo amalemba mtanda pachipupa n'kupitirira. Ndapita kwa mkulu wawo katatu. Ulendo wachitatu sanandipatse n'tiyi yemwe. Ndipitanso Lolemba.

Ndikanalemba zambiri koma zingakhale zoipa. Amayi aikamo yawo.

Mlongo wako.

19 Okutobala

Mwana wanga,

Ndine amayi ako. Ndikulemba ndi pensulo ya mwana wa sukulu, magalasi anapsa, ndiye ukaona mizere ikukwera phiri usadabwe.

Uli bwanji? Mpongozi wanga ali bwanji? Miyendo ikutupa? Asamanyamule zolemera, ndipo iwe usamamuuze nkhani zonse za kuno nthawi imodzi.

Mlongo wako wakwiya. Wandiwerengera kalata yako modumphadumpha, koma ine ndinaitenga iye atapita kukatunga madzi n'kupempha aphunzitsi andiwerengere yonse. Walakwa, mwana wanga. Koma ndamva chimene chinakulakwitsa. Munthu anakuonetsa nkhope ya amayi ako pamene unkayesa ndafa. Ngakhale akanakupatsa pepala logulitsa mwendo wako ukanasaina. Madzi akatayika saoleka, koma mtsuko sutayidwa. Ubwerere nawo kuchitsime.

Bambo ako ndawadziwa zaka 46. Akanakhala moyo akanafika pakhoma paja, ngakhale chokwawa. Sindikudikiranso kuti alowe pakhomo. Ndikudikira kuti apezeke ndiwaike ndi manja anga, ndidziwe pamene agona. Ndisanatero sindikwera sitima ya munthu aliyense. Ndikatero sindikweranso, chifukwa ndidzakhala ndi manda oti ndizisesa.

Usabwere. Ndikudziwa ukuganiza zothawa ntchito kuti udzagwade pamaso pathu. Kugwada kwako sitingafunde. Khala komweko, sunga pepala lako, sunga mkazi wako. Wa jekete uja abwereranso mumzinda mwanumo, ndipo m'holo muja munali ana a anzanga. Pakamwa uli napo.

Mlongo wako umulembere ngakhale asakuyankhe. Amadzuka m'mawa kwambiri n'kumanong'ona manambala a nyumba ngati pemphero. Wawonda.

Amayi ako.

2 Novembala

Achemwali, ndi Amayi,

Moni nonse. Mlamu wanu ali bwino, miyendo yatupa pang'ono, akuti zikomo.

Makalata anu afika Lachiwiri. Lachitatu inafika ya pa 21 Seputembala, yothimbirira ndi mafuta a injini, itayenda masabata asanu ndi limodzi m'thumba la munthu. Ikanafika nthawi yake sindikanasaina. Koma sindikuimba mlandu wa m'sitima. Cholembera chinali m'dzanja langa.

Za Bambo ndilibe mawu. Ndinalemba kuti ndikufuna kumva akudzitama. Chiganizo chimenecho chikundiluma tsiku lililonse.

Lachinayi ndinapita ku ofesi ya kampani ija, nsanjika yachisanu ndi chinayi, kapeti mpaka m'chimbudzi. Wa jekete anati sakundikumbuka. Nditatulutsa chithunzi chanu anakumbuka. Ndinati, "Munati munawaona bambo anga." Anati, "Ndinati ndinaona banja lanu." Ndinaika patebulo cheke chimene anandipatsa nditasaina, sindinachisinthe. Anachikankhira kwa ine, ine ndinachikankhira kwa iye, mpaka chinagwa pansi. Ndinachisiya pomwepo.

Pali loya wina wachizimayi amene amathandiza anthu obwera ngati ife Loweruka lililonse. Wawerenga pepala lija kawiri. Sanandinamize. Akuti kulifafaniza n'kotheka chifukwa anandinyenga, koma mlandu ungatenge zaka, ndipo tingathe kuluza. Koma akuti poloti singagawidwe kapena kumangidwa popanda siginecha yanu, ndipo mwini wake akakhala kuti akugona pamalopo, kumuchotsa n'kovuta kwambiri. Ndiye akangotsegula tauni, mukakhome chikhomo. Kalata yanu ya pa 19 muisunge m'mutu, adzafuna mudzanene mawu amene munamuuza munthu uja.

Amayi, pakamwa ndagwiritsa ntchito. Ndikaweruka ndimakwera basi kupita kwa anthu akwathu, khomo ndi khomo. Ndimayamba ndi kunena kuti, "Ine ndinasaina, ndipo bambo anga sanapezeke." Zikatero amandilowetsa. Mwa mabanja 30 amene tinali m'holo, asanu ndi awiri tinasaina. Otsalawo alonjeza kuti sasaina asanamve kuchokera kwa abale awo enieni. Mmodzi anandithamangitsa, akuti ndikufuna aliyense asauke ngati ine. Ndidzapitakonso.

Achemwali, pepala lachiwirili ndi lanu. Aliyense ndinamufunsa za abale ake amene sanamveko, ndi pamene ankagona. Mayina alipo 31, ena ndi a tizipinda ta kuseri. Mufananize ndi makope anu. Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata yotsatira. Mungondiuza ngati mayinawa athandiza.

Mzime.

23 Novembala

Mzime,

Moni kwa iwe ndi mlamu. Mayina ako athandiza. Asanu ndi anayi mwa iwo ndinalibe.

Bambo apezeka. Tawaika Lachitatu lapitali, pafupi ndi Atelala. Ndikuuza mmene zinayendera.

Mkulu wa ofufuza nditamupitira kachisanu anatopa nane. Anati pa 8 kubwera akuluakulu ochokera kutsidya, ndikalankhule nawo ndekha. Msonkhano unali pabwalo la mpira. Nditaika makope anga patebulo, wa khonsolo anati, "Mayi, kope la mwana wa sukulu si kaundula." Ndinati, "Zoona, bwana. Ndiye ndiloleni ndingowerenga, inu muziyang'ana m'buku lanu." Ndinayamba ndi nambala 1, msewu wa kumtunda. Ndikaitana dzina, mwini wake ankaimirira. Akakhala kuti palibe, ankaimirira amene anamuona komaliza n'kunena pamene anamuona. Wa khonsolo ankatsika ndi chala m'buku lake, osapeza. Pofika nambala 40 anali atatseka buku, ndipo theka la bwalo linali chiimire. Pa 62 anaimirira mayi wa mwana kumbuyo uja. Mayi wina wa akuluakuluwo anandifunsa, "Mungayende ndi ofufuza athu mawa?" Ndinati ndakhala ndikupempha zomwezo kwa mwezi wathunthu.

Ndinayenda nawo masiku asanu ndi anayi, atandiveka chophimba kukamwa ndi majombo a mwamuna. Tauni siizindikirika, Mzime. Ukaima kumtunda umaona mpaka kunyanja popanda chotchinga, zipupa zokhazokha ndi mafiriji opsa. Koma mapazi anga ankadziwa. Ndinkati apa panali chitseko, apa panali china kuseri kwa thanki. Tapeza anthu 58 m'malo amene anali atalembedwa kale mtanda.

Kwa Atelala anali atafufuza kale, osapeza kanthu. Ndinawauza kuti Bambo sakanabwerera ndi msewu, akanadzera kanjira ka masitepe kaja ka kuseri kwa malo ogulitsira makala, kamene pa mapu palibe. Galu anakhala pansi pa sitepe yachitatu kuchokera kumunsi. Chipupa chinawagwera. Anali awiri, pamodzi ndi wilibala. Anatsala mayadi makumi asanu kuti atulukire mu msewu wathu. M'wilibalamo munalinso mutu wa makina osokera.

Ndinawauza Amayi za makinawo. Iwo anati, "Ndiye kuti anayamba akangana kaye. Wina akuti siya, wina akuti sindisiya. Ndipo bambo ako anagonja, monga mwa masiku onse." Anaseka pang'ono, kenako analira, koyamba chichitikireni moto. Ndinalira nawo. Pamaliro ndinanena kuti mwana wawo wamwamuna akanakonda kukhalapo, ndipo ndinanena moona.

Khonsolo tsopano ikuti tinalipo 11,350. Omwalira afika 127, ndipo 19 sitinawapezebe. Matenti akuperekedwa kwa onse, a kuseri omwe. Makope anga anawatenga kukawakopera, ndinawaperekeza mpaka pamakina n'kubwera nawo.

Msewu wapakati anautsegula Lolemba. Tinafika m'mawa ndi tenti, ndowa ziwiri ndi tsache. Sitepe ya pakhonde ilipo, ndi chitofu cha Amayi chopindika ngati chipewa. Madzi akubwera ndi galimoto kawiri pa sabata, ndipo phulusa limalowa mpaka m'mano. Si malo abwino kugona munthu wa zaka 68, ndawauza, ndipo andiyankha zimene ungaganize. Wa jekete anadutsa Lachinayi n'kutiuza kuti theka la malowa ndi la kampani. Amayi anamupatsa tsache n'kunena kuti, "Sesani theka lanulo." Sanabwerenso, koma loya wako umuuze kuti ndakonzeka kunena mawu anga kulikonse kumene angandiitane.

Mabanja khumi ndi anayi abwerera mu msewu wathu. Loweruka amuna ndi akazi tikukwera ndi zikwakwa kumunda wa nzimbe, chifukwa mvula ikangogwa kamodzi udzu uphukanso. Sitikupemphanso khonsolo. Tangowauza tsiku.

Za kukhululuka usandifulumize. Mkwiyo ulipobe, koma ukuchepa, ndipo ndine mlongo wako ngakhale ndikwiye. Mwana akabadwa ulembe tsiku lomwelo.

Ndayambanso kuyenda ndi chikwama. Anthu akhoma zikhomo pamapoloti awo n'kupachikapo zitini zolembedwa manambala ndi makala, ndipo ndimaponya makalata m'menemo. Usalembenso keyala ya kusukulu. Ulembe yakale yomweyo, nambala 27, msewu wapakati. Nyumba palibe, koma wopereka makalata ndine.

Mlongo wako.